Zakale zikamakusowetsani tulo: njira yotulira katundu wa mumtima

Pali ora lina la usiku limene ambiri mu Lusaka muno timalidziwa, ngakhale sitilitchula. Mabala a m'komboni atseka, agalu atopa kuuwa, minibasi yoyamba yopita m'tauni sinayambe kuitana anthu. Onse m'nyumba ali m'tulo, inu nokha maso ali tong'o kudenga, ndipo nkhani ija ya zaka zisanu kapena khumi zapitazo yabweranso ngati yachitika dzulo. Makolo anati "ndikadadziwa ndikadaphika therere." Masana mwambiwu timaunena tikuseka, koma pa ora limenelo umabaya.

Ine ndinakhala nalo ora limenelo zaka zinayi. Alongo anga ku Katete anagulitsa mtedza wa chaka chonse nanditumizira ndalama kuti ndigule malata 20 ofolerera nyumba ya amayi, imene denga lake la udzu linkadontha. Ndalamazo ndinaziika m'belo la salaula, ndili ndi maganizo akuti ndikapindula ndigula malatawo n'kutsalanso ndi kena. Belo linatuluka loipa. Apo ndinayamba mabodza: malata akwera mtengo, tidikire pang'ono, galimoto yonyamula yasowa. Amayi atadwala, alongo anaimba katatu. Katatu konseko ndinati ndibwera mwezi ukatha. Chimene chinkandigwira miyendo chinali manyazi ofika chimanjamanja. Mwezi usanathe ndinakwera basi pa Intercity, koma unali ulendo wa kumaliro.

Zimene ndalemba pansipa ndi njira imene ndinadutsamo, mothandizidwa ndi Mawu a Mulungu ndi anthu ochepa oleza mtima. Musathamange nayo. Gawo lina lingakutengereni usiku umodzi, lina chaka chathunthu.

Choyamba, chitchuleni ndi dzina lake

Tengani pepala ndi cholembera, mukhale panokha. Lembani zimene munachita m'chiganizo chimodzi chopanda mawu akuti "koma". Changa chinali ichi: ndinadya ndalama za malata a amayi, ndinanamiza alongo anga, ndipo ndinazemba kukaona amayi akudwala. Ndinayesa kanayi ndisanachilembe chonchi, chifukwa dzanja linkangothamangira kuwonjeza kuti zinthu zinali zovuta chaka chimenecho.

Adamu atafunsidwa analoza mkazi, nalozanso Mulungu amene anampatsa mkaziyo. Davide atadzudzulidwa ndi mneneri Natani pa nkhani ya Bateseba ndi imfa ya Uriya, yankho lake pa 2 Samueli 12:13 linali lalifupi: wachimwira Yehova. Pa Salmo 32 amafotokoza kuti nthawi imene anakhala chete mafupa ake anakalamba ndi kubuula kwa tsiku lonse. Amene anabisapo chinthu zaka zambiri akudziwa kuti thupi limamvadi: mutu, m'mimba, kukwiya kopanda chifukwa ndi ana.

Musalembe zimenezi pafoni. Foni imabwerekedwa, imabedwa, imatsegulidwa ndi ana. Pepala mukathana nalo muliponye pambaula.

Chachiwiri, pepetani

Kunong'oneza bondo kumabwera kutasakanikirana ngati mphale yosapeta. Ikani nkhani yanu palichero. Pali tchimo lenileni, limene munachita mukudziwa. Pali kulakwitsa kwa munthu amene sankadziwa za mawa: munasankha sukulu yolakwika, munasiya ntchito imene lero mukuilakalaka, munachedwa kupita ndi mwana kuchipatala poyesa kuti n'chimfine chabe. Ndiye palinso zimene anthu ena anakuchitirani, koma inu munazisenza ngati zanu.

Mkulu wina wa mpingo wathu ku Matero ndiye anandithandiza apa. Nditamufotokozera kuti ndinapha amayi anga, anakhala chete kanthawi, kenaka anandifunsa kuti amayiwo anamwalira ndi chiyani. Ndinatchula matendawo. Iye anati, "Ndiye bwanji mukulanda ntchito ya matenda? Zanu ndi ndalama, bodza ndi kuzemba. Zimenezo n'zolemera kale. Musawonjezepo zimene si zanu." Mawu amenewo sanandipeputsire mlandu. Anaupatsa malire, ndipo chinthu cha malire munthu angathe kuchinyamula n'kukachitula.

Ndinene mwapadera kwa inu amene munagwiriridwa, kapena mumamenyedwa m'banja, kapena munachitidwa zoipa muli mwana. Palibe choti mulape pamenepo. Manyazi amene mwasenzawo mwini wake ndi amene anakuchitani. Chimene mukufunika ndi chitetezo ndi munthu wokumverani, ndipo kupolisi kuli nthambi ya Victim Support Unit imene ntchito yake ndi yomweyo.

Chachitatu, pitani nacho kwa Yesu mwini

Apa ndiimapo pang'ono, chifukwa ndi pamene ambiri timasochera.

Usiku umodzi womwewo ophunzira awiri anamulakwira Ambuye. Yudasi anamupereka, Petro anamukana katatu. Timakonda kuganiza kuti Petro anamva chisoni ndipo Yudasi sanamve. Werengani bwino Mateyu 27:3-5. Yudasi anamva chisoni kwambiri. Anavomera ndi pakamwa pake kuti wapereka munthu wosalakwa. Anabweza ngakhale ndalama zija zasiliva 30. Koma chisoni chakecho anapita nacho kwa ansembe aakulu, omwe aja anapangana nawo, ndipo iwo anamuyankha kuti zimenezo n'zake, iwo sizikuwakhudza. Anatuluka ali yekhayekha, nakadzimangirira. Paulo pa 2 Akorinto 7:10 amasiyanitsa zisoni ziwiri: china chimatsogolera ku kulapa ndi chipulumutso, china chimabala imfa. Polira zimafanana. Zimasiyana kumene zimamutengera munthu.

Tsono taonani za Petro. Yohane 18:18 akuti usiku umenewo kunkazizira, ndipo antchito ndi asilikali anasonkha moto wa makala pabwalo la mkulu wa ansembe, Petro n'kuima nawo kuotha. Ife a mu Lusaka sitifunika kutifotokozera zimenezi. M'mwezi wa Juni kapena Julayi, magetsi atazima, tonse timaunjikana pambaula, manja patsogolo, utsi wa malasha ukulowa m'zovala. Pamoto wotero ndi pamene Petro ananena kuti munthuyo samudziwa. Luka akuwonjeza kuti Ambuye anapotoloka namuyang'ana, ndipo Petro anatuluka kukalira kwambiri. Fungo silichoka msanga m'mutu mwa munthu. Ndimaganiza kuti masiku otsatirawo, paliponse pamene makala ankayaka, Petro ankamvanso mawu ake aja.

Ndiye pa Yohane 21:9, m'mbali mwa nyanja ya Tiberiya m'mamawa, ophunzira akutsika m'ngalawa apeza chiyani? Moto wa makala, nsomba ili pamoto, ndi mkate. Yesu woukitsidwa anasonkha moto wonga uja. Anayamba wawadyetsa. Atadya ndi pamene anamufunsa Petro katatu ngati amamukonda, funso limodzi pa kukana kumodzi, ndipo pa yankho lililonse anamupatsa ntchito yoweta nkhosa zake. Sanayerekeze ngati palibe chinachitika, pakuti funso lachitatu linamupweteka Petro. Komanso sanamuuze kuti akayambe wadzikonza kenaka abwere.

Chochita chake n'chosavuta kufotokoza. Gwadani, kapena khalani pamphepete pa bedi ngati mawondo salola. Werengani chiganizo chanu chija mokweza pang'ono, kuti makutu anu amve. Muuzeni Mulungu kuti ichi ndinachita ndine, ndipo ndikupempha chikhululukiro chifukwa cha Yesu amene anafera machimo anga. Mawu akakusowani, tsegulani Salmo 51 mulipemphere ngati lanu. Mukatero werengani 1 Yohane 1:9, pamene pakuti tikavomereza machimo athu, Iye ndi wokhulupirika ndi wolungama kutikhululukira ndi kutisambitsa. Lonjezo limeneli laima pa kukhulupirika kwa Mulungu. Kaya mwalira kaya simunalire, kaya mwamva kupepuka kaya mtima ukadali gwa, laima pomwepo. Ine usiku umene ndinapemphera pemphero limeneli sindinamve kalikonse, ndipo ndinadzuka m'mawa ndili wolemedwa ngati dzulo lake. Kupepuka kunabwera patapita miyezi.

Dziko lathu lili ndi tsiku la mapemphero, kusala kudya, kulapa ndi kuyanjana pa 18 Okutobala, kuyambira mu 2015. N'labwino, koma nkhani yanu isadikire tsikulo.

Chachinayi, uzani munthu mmodzi

Mutu umodzi susenza denga. Yakobo 5:16 akuti tiululirane machimo ndi kupemphererana kuti tichiritsidwe. Kumva munthu wamoyo, amene wamva zonse, akukuuzani kuti Mulungu wakukhululukirani, kumafika pamene maganizo anu okha safika.

Ngati ndinu Mkatolika, khomo lilipo kale: sakramenti la kulapa. Wansembe saloledwa kuulula zimene wamva m'menemo kwa wina aliyense, zivute zitani. Ngati papita zaka zambiri, ingowauzani bambo mfumuwo poyamba pomwe kuti papita nthawi, adzakutsogolerani. A mipingo ina pitani kwa abusa, kwa mkulu wa mpingo, kapena kwa mayi wachikulire wa m'chigwirizano. Posankha, yang'anani chinthu chimodzi: kodi munthuyu anakuuzanipo chinsinsi cha wina? Ngati anatero, chanunso chidzayenda. Bambo apite kwa bambo mnzake ndipo mayi kwa mayi mnzake, makamaka nkhani ikakhala ya chigololo.

Musathamangire kukapereka umboni kutsogolo kwa mpingo wonse kapena pa Facebook. M'nkhani yanu muli anthu ena amene sanavomere kuti mayina awo amveke.

Ndipo wina akakuuzani kuti tchimo lanu n'lalikulu kotero kuti lifunika mafuta apadera, madzi a m'botolo kapena "mbewu" ya ndalama zakutizakuti, nyamukani muzipita. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa amene amagwa m'manja otere ndi anthu osweka kale. Simoni wa ku Samariya atafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama, Petro yemwe uja anamudzudzula koopsa pa Machitidwe 8:20. Chikhululukiro chinalipiridwa kale pamtanda.

Chachisanu, bwezani ndipo pepesani

Ili ndilo gawo limene ndinalizengereza koposa. Ndinkadziuza kuti poti Mulungu wandikhululukira, nkhani yatha. Koma mlandu suola. Yesu pa Mateyu 5:23-24 akuti ukakumbukira uli paguwa kuti m'bale wako ali nawe chifukwa, siya mphatso yako pomwepo, uyambe wakayanjana naye. Zakeyu wa ku Yeriko, Yesu atalowa m'nyumba mwake, analonjeza kupatsa osauka theka la chuma chake ndi kubweza kanayi kwa amene anawabera. Onani dongosolo lake: Yesu anayamba walowa, kubweza kunatsatira. Sitibweza kuti tigule chikhululukiro. Timabweza chifukwa munthu amene tinamulakwira akadali ndi bala.

Ngati ndi ndalama kapena katundu, werengerani. Lamulo la Mose pa Numeri 5:7 linkati wolakwa aulule, abweze zonse, n'kuwonjezapo limodzi la magawo asanu. Amene anadya K1,000 ya chilimba abweza K1,200. Mkhristu samangidwa ndi chiwerengero chimenechi, koma ine ndinachiona kuti ndi muyeso wabwino, chifukwa chimavomereza kuti mnzanuyo anataya zambiri kuposa ndalama yokhayo. Kwa ine malata 20 anasanduka 24.

Musakatenge kaloba kuti mubweze zonse tsiku limodzi, mudzangosamutsa dzenje. Gwirizanani ndi mwini wake za kangachepe pamwezi, ndipo tsiku lolandira malipiro mutumize iyeyo poyamba, musanagule china chilichonse. Mukatumiza pa Airtel Money kapena MTN, sungani uthenga wake.

Kupepesa kwenikweni kumafuna nkhope. Pokhapokha ngati n'kosatheka, musapepese pa WhatsApp. Ine ndinakwera basi ya m'bandakucha, kuoloka mlatho wa Luangwa, mtima ukugunda njira yonse ya Great East Road. Ndinayamba ndafikira kwa amalume, chifukwa kwathu nkhani yolemera sulowa nayo wekha, ndipo iwo anandiperekeza. Tinawapeza alongo akusenda chimanga pakhonde la nyumba yomwe ija, udzu wa padenga utada bii. Titapatsana moni, ndinakhala pansi n'kunena kuti, "Alongo, malata aja sindinagule. Ndalama zanu ndinadya, ndipo ndinakunamizani. Amayi akudwala ndinkaopa kubwera chifukwa cha zimenezo. Ndakulakwirani." Manja awo sanasiye kusenda. Patapita nthawi yaitali anati, "Ndinkadziwa. Amayinso ankadziwa. Ankangofuna kukuona." Sanandiuze kuti andikhululukira tsiku limenelo. Anandiphikira nsima, tinadya chamumtima, m'mawa ndinabwerera.

Kuchokera pamenepo ndinaphunzira izi. Nenani zimene munachita mosazungulira. Musanene kuti "ngati ndinakulakwirani", pakuti mukudziwa kuti munalakwa. Musatchule zolakwa za iwo tsiku limenelo, ngakhale zilipo. Akayamba kulankhula, ngakhale mokalipa, khalani chete mumve mpaka amalize. Nenani chimene mudzachita pokonza, ndipo chikhale chimene mungathedi. Pomaliza, musawakakamize kuti akukhululukireni pompo, ndipo musawatchulire mavesi a kukhululuka. Pepani sapoletsa chilonda tsiku lomwelo. Aroma 12:18 akuti tikhale mwamtendere ndi anthu onse monga momwe tingathere kumbali yathu. Mbali yawo ndi yawo ndi Mulungu.

Pali nthawi zina pamene kupita kungapweteke munthu koposa kukhala. Ngati amene munamuzunza anakuuzani kuti musadzamuyandikirenso, kulemekeza mawu akewo ndiko kupepesa kwanu. Ngati kuulula kungaike moyo wa wina pachiswe, kapena nkhaniyo ikukhudza malamulo a dziko, musapite nokha ndiponso musabise: kambiranani kaye ndi abusa anu ndi munthu wodziwa malamulo. A Legal Aid Board amathandiza amene sangathe kulipira loya.

Nanga ngati munthuyo anamwalira?

Apa palibe chobweza, ndipo sindikunamizani kuti ululu wake umatheratu. Madzi akatayika saoleka. Zimene munkafuna kuwauza, muuzeni Mulungu, pakuti onse ali m'manja mwake, amoyo ndi akufa. Kenaka funsani kuti munthuyo ankasamala za yani. Amayi anga ankalera adzukulu awiri amasiye. Chikondi chimene ndinachedwa nacho kwa iwo chili ndi kolowera: yunifolomu, makope, foni ya Lamlungu lililonse madzulo. Davide, mwana wake atamwalira, anadzuka pansi, nasamba, nakapembedza, kenaka anadya. Antchito ake anadabwa. Inunso kudya, kuseka ndi kugona tulo si kunyoza malemuwo.

Zikabweranso usiku

Zidzabwera. Abale ake a Yosefe anakhala ku Igupto zaka 17 akudya zabwino za m'bale wawo amene anawakhululukira, koma bambo wawo Yakobo atangomwalira mantha anabukanso, natuma uthenga wopempha chikhululukiro kachiwiri. Genesis 50 akuti Yosefe analira pomva zimenezo. Munthu angathe kukhululukidwa kalekale koma osakhulupirira.

Dzifunseni funso limodzi: kodi liwu limeneli likundiuza chochita? Mzimu Woyera akamatsutsa amaloza chinthu chenicheni chimene chili ndi khomo lotulukira, monga kuti mwezi uno sunatumize, kapena uja sunamupepese. Zikatero, dzukani m'mawa mukachite. Koma liwu longobwereza kuti ndiwe wachabechabe, Mulungu watopa nawe, pa nkhani imene munaulula kale, ndi la woneneza abale uja wotchulidwa pa Chivumbulutso 12:10. Musakambirane nalo. Lembani Aroma 8:1 ndi 1 Yohane 3:20 pakapepala, muike pafupi ndi bedi. Loyamba likuti palibe kutsutsidwa kwa amene ali mwa Khristu Yesu, lachiwiri likuti mtima wathu ukatitsutsa, Mulungu ndi wamkulu kuposa mtima wathu. Werengani mokweza, thokozani chifukwa cha chikhululukiro chimene munalandira kale m'malo mopemphanso ngati simunamvedwe, ndipo mugone. Mawa zikabwera muchitenso chimodzimodzi.

Anthu amakonda kunena kuti "dzikhululukire wekha". Ine mawuwo sanandithandize, chifukwa ndinkaona ngati woweruza ndi wolakwa ndi munthu mmodzi. Chinandithandiza ndi kuvomera kuti bwalo lalikulu kuposa langa linagamula kale, ndipo ine ndilibe udindo wotsegulanso mlanduwo.

Koma tamverani ichi. Ngati papita milungu simukugona, chakudya sichikulowa, ntchito yakukanikani, mowa wachuluka, kapena mwayamba kuganiza zodzipha, musakhale nazo nokha ngakhale usiku umodzi. Uzani munthu lero lomwe. Pitani kukiliniki ya kwanuko, kapena ku Chainama Hills kumene kuli akatswiri a matenda a maganizo, kapena imbani 933, nambala yaulere ya Lifeline. Matenda a kukhumudwa amachizika, ndipo kumwa mankhwala ake si kuchepa chikhulupiriro, monganso kumwa mankhwala a malungo sikuli.

Bwererani pagome

Zaka zonse zinayi zija, tsiku la Mgonero ndinkakhala kumbuyo kapena kutuluka mwakachetechete. Kwaya ndinasiya. Ambiri timadzipatsa chilango chotere, kuyesa kuti tikulemekeza Mulungu. Ngati mpingo wanu uli ndi dongosolo la mwambo ndi kubwezeretsa, litsateni modzichepetsa mpaka kumapeto, osathawira kumpingo wina kumene sakudziwani. Likatha, pitani kutsogolo mukalandire. Ntchito imene munaisiya muitolenso, ngakhale ikhale yosesa m'tchalitchi Loweruka. Paulo sanaiwale kuti anazunzapo mpingo, amazitchula yekha pa 1 Timoteo 1:13, koma amazitchula ali pa ntchito.

Ine ndinabwerera m'kwaya chaka chatha. Malata ndakhala ndikutumiza mtengo wa awiri mwezi uliwonse umene ndakwanitsa, alongo n'kumagula pa boma n'kusunga m'chipinda chimene ankagona amayi. Afika 22. Sabata yatha anaimba okha, koyamba chichitikire zonsezi, kundiuza kuti mmisiri wapezeka ndipo mapaso adula kale. Anati ndibwere mu Sepitembala mvula isanayandikire, ndipo ndisaiwale misomali.